Momwe mungayambire kuphunzitsa ana aang'ono pakhomo muno mu Lusaka

Sukulu zinkayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024, koma kolera inali itavuta mu Lusaka moti bwalo la masewero la Heroes linasanduka malo ogonekamo odwala, ndipo ana anakhala pakhomo mpaka pa 12 Febuluwale. Kumbuyoko, mu Malichi 2020, COVID-19 inali itatsekanso sukulu zonse. Nthawi ziwiri zimenezi makolo ambiri anakhazika ana pamphasa, kope ndi pensulo m'manja, podikira kuti aphunzitsi ayambirenso. Sukulu zitatsegulidwa ambiri mtima unakhala m'malo. Ochepa anaona kuti zikuyenda, napitiriza.

Zifukwa zopitirizira zimasiyana. Chiyambireni maphunziro aulere mu Januwale 2022, makalasi ambiri a sukulu zaboma ndi odzaza, ndipo kamwana kofatsa kamatha kumaliza teremu aphunzitsi asanamve mawu ake. Fizi ya sukulu zapulayiveti si ya aliyense. Ena ali ndi mwana wodwaladwala, ena ntchito imawasamutsasamutsa. Sindikuuza aliyense kuti achotse mwana kusukulu, ayi. Malangizowa ndi a banja lomwe laganiza kale zophunzitsa lokha ana a zaka 4 mpaka 7, ndipo likusowa poyambira.

Pa msinkhu umenewu ntchito ndi yochepa kuposa momwe mukuopera, kungoti simafuna kudumphadumpha masiku. Musamange kasukulu m'nyumba mwanu. Mwana ayambe kuwerenga m'chilankhulo chimene amalankhula pakhomo, manambala awagwire ndi manja asanawalembe, ndipo ntchito yake muzisunga kuti tsiku lofuna kulowa sukulu asadzavutike.

Choyamba: mvanani pakhomo, kenako pitani ku ofesi

Mabuku muwasiye kaye. Ndani aziphunzitsa, ndipo nthawi yanji? Tchulani munthu, tchulaninso ola. Ngati nonse awiri mumakwera minibasi m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa, ndipo mukuganiza zosenzetsa ntchitoyi mtsikana wothandiza panyumba pamwamba pa kuchapa ndi kuphika, mwanayo sadzaphunzira pakhomo, adzangokhala pakhomo. Kuli bwino mum'pezere malo kusukulu yapafupi.

Akuluakulu a pabanja muwauze zisanayambe. Apongozi akamvera kwa anthu kuti mdzukulu wawo sapita kusukulu, nkhani imafika kumudzi musanadye nsima ya masana. Akhazikeni pansi mwaulemu, afotokozereni, ndipo musalimbane nawo nthawi yaitali. Yankho lowakhutiritsa limabwera patapita miyezi, mdzukuluyo akawawerengera chikwangwani cha pakantemba. Aneba nawonso sachedwa: "Amake mwana, nanga uyu lero sanapite?" Khalani ndi yankho lalifupi loti amaphunzirira pakhomo, basi, n'kupitiriza kuyanika zovala zanu.

Kenako za malamulo. Lamulo la maphunziro la 2011 limapereka kwa kholo udindo woonetsetsa kuti mwana wofika msinkhu wa sukulu walembetsedwa. Choncho mwana akamayandikira msinkhu wa Giredi 1, musachite zinthu mobisa. Pitani ku ofesi ya DEBS, yomwe imayang'anira sukulu za m'dera lanu, mutanyamula khadi la kusikelo ndi satifiketi yakubadwa ngati ilipo. Mukafunse zomwe akufuna kwa banja lophunzitsira pakhomo, momwe mwana angadzalowere sukulu pakati pa njira, ndi momwe angadzalembetsere mayeso. Zomwe akuuzani mulembe pomwepo pamodzi ndi deti, ndipo ngati n'kotheka pemphani kalata. La mayesoli likuoneka lakutali, koma mayeso a Examinations Council of Zambia amalembedwa pamalo ovomerezedwa ndi bungwelo, ndipo dzina la mwana limalowa kudzera kumeneko. Si zothamangira chaka cha mayeso chitafika kale.

Chachiwiri: pezani silabasi, musagule zambiri

Maphunziro asintha posachedwapa. Ndondomeko yatsopano ya 2023 inayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2025: pulayimale yakhala ya zaka 6 m'malo mwa 7, ndipo msinkhu wolowera Giredi 1 watsika kufika pa zaka 6. Mabuku omwe anasiya achimwene ake akhoza kuthandiza poyeserera kuwerenga, koma musawatenge ngati mlozo. Silabasi imakonzedwa ndi Curriculum Development Centre ku Longacres. Pezani ya sukulu ya mkaka ndi ya Giredi 1, ngakhale pobwereka kwa aphunzitsi omwe mumapemphera nawo n'kukachita fotokope. Muiwerenge kamodzi modekha, mulembe papepala limodzi zomwe mwana ayenera kutha pomaliza chaka, pepalalo mulimate kuseri kwa chitseko. Mukasokonezeka muzibwerera pamenepo.

Pa intaneti pali maphunziro ambiri okonzedwa kale a ku America ndi ku Britain, ogulidwa ndi madola. Kwa ana a msinkhu uwu ine ndimati sungani ndalama zanu. Mudzapeza mwana akupaka utoto chipale chofewa mu Disembala kunja kukugwa mvula yobzalira, akuwerengetsa masenti pomwe pakantemba amafuna makwacha ndi ma ngwee. Ngati m'tsogolo mudzafune njira ya mayeso a Cambridge, nthawi yoganizira zimenezo ilipo yambiri.

Chachitatu: konzani malo ndi katoni imodzi

Apa sipofunika kuchedwapo. Mphasa kapena thebulo lodyera, pafupi ndi zenera kapena pakhonde, zakwana. Kachidutswa ka pulayiwudi kopakidwa penti yakuda kamakhala bolodi. Ngati nyumba ndi ya lendi musapake khoma, mungayambane ndi alandilodi. Choko, makope awiri, mapensulo, makrayoni ndi sizasi yosasongoka mumazipeza motchipa ku Kamwala. Zotsalazo n'zotola: zitsekerero za mabotolo, timabokosi ta machesi, timitengo, ndi makatoni oti mudule timakhadi tolembapo zilembo. Zonsezi zilowe m'katoni imodzi yomwe imatsegulidwa nthawi ya phunziro yokha. Katoni ikatuluka mwana amadziwa yekha kuti nthawi yakwana.

Foni ndi TV musazidalire. Mu 2024 madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba, magetsi ankathima pafupifupi tsiku lonse m'makomboni ambiri, ndipo aliyense wodalira chaji ndi bandulo phunziro lake linkafera pomwepo. Komanso bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku akuyang'ana sikirini, ndipo wa zaka 3 ndi 4 azikhala ndi maola atatu patsiku akusewera mogwiritsa ntchito thupi.

Chachinayi: ikani nthawi imodzi yosasuntha

Nthawi yabwino ndi m'mawa, phala litalowa m'mimba, mbale zitatsukidwa. Wa zaka 4 mphindi 10 pa chinthu chimodzi zam'kwanira. Wa zaka 6 kapena 7 amafika 20. Mukaphatikiza zonse, kukhala pansi kwenikweni sikupitirira ola limodzi ndi theka ngakhale kwa wamkuluyo. Makolo ambiri amadabwa nazo, poti kusukulu ana amatha theka la tsiku. Koma kumeneko nthawi yambiri imathera pamzere, poitana mayina, pogawa makope ndi potontholetsa ana makumi angapo. Inu muli ndi mmodzi kapena awiri.

M'mawa ukhoza kuyenda chonchi. Cha m'ma 08:00 pemphero kapena nyimbo, kenako kalendala: lero n'lachingati, kunja kwacha bwanji. Kuwerenga kubwere koyamba mutu ukadali wopepuka. Atuluke akathamange, amwe madzi, abwerere ku masamu. Amalize ndi kulemba kapena kujambula. Pofika 10:00 katoni yatsekedwa. Zotsatira ndi ntchito za pakhomo, ndipo musazipeputse: kusankha nyemba, kusenda chibwabwa, kutswa nsawawa ndi kumata mapegi pachingwe kumalimbitsa zala zomwezo zogwirira pensulo.

Nyengo nayo muimvere. Mu Juni ndi Julayi kuzizira kwa Lusaka kumaumitsa zala, ndiye yambani 09:00 ndipo mphasa muikokere padzuwa. Mu Okutobala lawirirani kusanatenthe. Amayi omwe mumadzukira kumsika wa Soweto kukaoda mbandakucha, phunziro likhale masana mukabwerako. Ola lililonse ndi labwino bola likhale lomwelomwelo tsiku ndi tsiku.

Vuto lenileni m'nyumba zambiri ndi mng'ono wake wa zaka ziwiri, yemwe amafuna kukhala pakope pomwepo. Kum'thamangitsa sikuthandiza. M'patseni choko chake ndi ngodya yake ya bolodi, kapena zitini zopanda kanthu ndi supuni, ndipo kuwerenga kwa wamkulu mukuike nthawi yomwe wamng'onoyo ali kumsana kapena wagona. Zitsekerero ndi nyemba zisakhale pomwe angafikire, amameza.

Masiku osokonekera adzabwera ndithu: maliro, alendo ochokera kumudzi, madzi kusowa pampopi, malungo. Masiku otere zonse zikhoza kugwa, koma mphindi 10 zowerenga zisagwe. Makhadi asanu amalowa m'chikwama, ndipo pamzere wa kukiliniki nthawi imakhala yochuluka.

Chachisanu: kuwerenga

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndichedwapo.

Mu 2014 boma linalamula kuti ana a Giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'zilankhulo za m'madera awo, ndipo kuno ku Lusaka chinali Chinyanja. Ndondomeko yatsopanoyi yabwezeretsa Chingerezi patsogolo. Mfundo za boma zimasintha, koma pakhomo panu langizo langa silisintha: yambani ndi Chichewa. Chifukwa chake n'chooneka. M'Chichewa chilembo chimamveka chimodzimodzi paliponse pomwe chili. A ndi a, kaya m'mawu oti ana kapena mbatata. M'Chingerezi a yemweyo amamveka mosiyana kuchokera pa mawu ena kufika pa ena, ndipo mwana amene sakumvanso tanthauzo la mawuwo amangoloweza mawonekedwe. Mwana akazindikira m'chilankhulo chake kuti zilembo zimaimira maliwu ndipo maliwu amalumikizana, luso limenelo amapita nalo ku Chingerezi. Saphunziranso kachiwiri.

Yambani ndi a, e, i, o, u, chimodzi pa masiku awiri kapena atatu. Achilembe m'mwamba ndi chala, pamchenga, pamsana panu, kenako pabolodi. Afune zinthu m'nyumba zoyamba ndi liwu limenelo: ufa, uchi, udzu. Zisanuzi zikakhazikika, bweretsani m. Mum'phunzitse liwu lake, mmm, osati dzina lake la m'nyimbo ya alifabeti ija. Mwana amene anaphunzira kuti chilembochi ndi "emu" amawerenga ma ngati "emu-a", n'kuima. Ikani khadi la m pambali pa la a, muziwayandikizitsa pang'onopang'ono uku mukukoka liwu mpaka zigundane: mmm-a, ma. Kenako me, mi, mo, mu. Tsiku lomwelo akhoza kuwerenga mawu enieni: ima, umo, amama.

Onjezani t, mupeza moto, mutu, atate, tuma. Onjezani k, l ndi n, mupeza koma, lima, ana, malume, kalulu. Apa ziganizo zayamba kale: Kalulu alima. Ana atuma atate. Chiganizo chachiwirichi ana amachiseka kwambiri, ndipo kusekako ndi umboni woti amva zomwe awerenga.

Wanga wamkulu mawu ake oyamba anali moto. Makhadi awiri anali pamphasa, mo ndi to. Chala chinakhala pa loyamba, milomo itatsekedwa, akung'ung'udza mmm ngati wakwiya. "Mo." Chala chinadumphira kwinako. "To." Anabwereza mofulumirirapo, kenako anakhala chete, natembenuka kuyang'ana mbaula yomwe inali pakhomo ndi poto wa nyemba. "Amama, alemba moto!" Kuyambira pamenepo zikwangwani za m'njira sizinapume. Nthawi imeneyi musaithamangitse ndipo musam'nenere mawuwo. Lumani lilime, muwerenge mpaka 10 mumtima. Akakanika, m'bwezereni ku liwu loyamba, osati ku yankho.

Zilembo zoyenda chimodzichimodzi zikatha, lowani m'maphatikizo olemera, motsatana kuchokera ku opepuka: mb, nd, ny, kenako ph, th, kh, kenako mph, nth, nkh, pomaliza monga mbw ndi tsw. Awiri amavutitsa ana ambiri. Kusiyana kwa p ndi ph mukuonetse ndi kapepala kopyapyala patsogolo pa mlomo: akanena pala kapepala sikagwedezeka kwenikweni, akanena phala kamauluka. Chimodzimodzi t ndi th, k ndi kh. Enawo ndi ng ndi ng'. Ikani ngolo ndi ngozi mbali imodzi, ng'ombe ndi ng'oma mbali ina, anene mokweza mpaka khutu ligwire lokha.

Pali zinthu ziwiri za kuno ku Lusaka zofuna kusamala. Mabuku a ku Zambia amalemba c pomwe a ku Malawi amalemba ch: cakudya ndi chakudya; amalembanso nchito pomwe a ku Malawi amalemba ntchito. M'nyumba zambiri za Achewa mabuku a mitundu yonse iwiri alimo, Baibulo la uku, buku la nyimbo la uko. Chaka choyamba sankhani kalembedwe kamodzi, ndipo ngati mwana adzalowe sukulu ya kuno sankhani ka kuno; kenako akamawerenga bwino mudzam'uze kuti kwinako amalemba mwina. Chinanso, mwana wokulira ku Matero kapena ku Chawama amati nifuna vakudya pomwe buku likuti ndifuna zakudya. Musam'dzudzule ngati walakwa. Muuzeni kuti umo ndi momwe timalankhulira ndi anzathu, umu ndi momwe buku limalankhulira, ndipo onse awiri awadziwe.

Mabuku a ana a m'Chichewa ndi osowa, choncho pangani anu. Pindani mapepala anayi pakati, musoke ndi ulusi. Mwana anene nkhani yake, ya galu wa aneba kapena ya ulendo wa kuchigayo, inu mulembe chiganizo chimodzi patsamba ndi zilembo zikuluzikulu, iye ajambule. Buku lotere amaliwerenga mpaka kung'ambika. Madzulo magetsi akathima ndiyo nthawi ya nthano. Agogo akati "Panangokhala", ana n'kuyankha "Tili tonse", phunziro layamba ngakhale palibe wagwira choko. M'mawa mwake m'funseni abwereze: chinayamba n'chiyani, kenako chiyani, kalulu anachitiranji zimenezo.

Nanga Chingerezi? Chiyambe tsiku loyamba lomwe, koma pakamwa: nyimbo, moni, mayina a zinthu, timalamulo tating'ono ngati kutseka chitseko ndi kubweretsa kapu, ndi kum'werengera mabuku a zithunzi. Kuwerenga kwa Chingerezi kudikire mpaka atamawerenga ndime yaifupi ya Chichewa osakakamira. Ndipo akamatembenuza b ndi d musade nkhawa. Ana ambiri amatero mpaka cha m'ma zaka 7.

Chachisanu ndi chimodzi: masamu a m'manja

Mwana woimba manambala mpaka 100 sikuti amadziwa kuwerengetsa. Muyeseni: thirani zitsekerero 7 pamphasa, mum'uze akupatseni 5. Ambiri amangotapa dzanja lodzaza. Ndiye yambirani pamenepo, chala chimodzi pa chitsekerero chimodzi, nambala imodzi, ndipo nambala yomaliza ndiyo kuchuluka kwa zonse. Mukamwaza zomwezo motalikirana n'kufunsa ngati zachuluka, wa zaka 4 nthawi zambiri amati inde. Musam'tsutse, awerengenso yekha.

Mu Lusaka tonse timatchula manambala m'Chingerezi, ndipo mwana awadziwe choncho. Koma a Chichewa musawataye, chifukwa zisanu ndi ziwiri ndi samu yophatikiza yochitachita: dzanja limodzi lathunthu ndi zala ziwiri za linalo.

Akafika pa 10, mangani timitengo khumi ndi labala kukhala mtolo. 13 ndi mtolo umodzi ndi timitengo titatu. 31 ndi mitolo itatu ndi kamtengo kamodzi. Mwana amene wamanga ndi kumasula mitolo imeneyi kwa milungu ingapo sadzavutika ndi kubwereka pochotsera, poti wamasulapo mtolo ndi manja ake. Masamu a m'kope abwere pambuyo pa zimenezi, ndipo asapitirire asanu kapena asanu ndi limodzi patsiku.

Sewero lomwe limaphunzitsa zambiri ndi kantemba. Ikani pabenchi timabokosi ta machesi, sopo, tomato m'timilu, tipamela (timapaketi ting'onoting'ono) ta mchenga, chilichonse ndi mtengo wake pakapepala. Gwiritsani ntchito makobili enieni. Ndalama zatsopano za 2025 zinabweretsa makobili a K2 ndi K5 pamwamba pa K1 ndi 50 ngwee, ndipo amenewa ndi abwino kwambiri pophunzitsira chenji. Iye akhale wogulitsa, inu kasitomala wovuta: funsani mtengo, nenererani, perekani K5 pa chinthu cha K3, mudikire. Nthawi zina landirani chenji yochepa n'kudandaula, nthawi zina mum'bere dala muone ngati agwira. Akazolowera, mutumeni kukantemba yeniyeni inu mutaima chapatali.

Kukhitchini nakonso masamu ali ponseponse. Vitumbuwa 6 ana atatu, aliyense vingati? Botolo la malita 5 lithiridwe kangati kuti chigubu cha malita 20 chidzaze? Ayambe walosera, kenako athire aone. Nsolo ndi chiyato musazione ngati zotayitsa nthawi. Wosewera nsolo amawerenga maenje patsogolo asanatole miyala.

Chachisanu ndi chiwiri: tulukani, ndipo mwana akhale ndi anzake

Tsiku limodzi pasabata katoni isatsegulidwe, mutuluke. Sikuti nthawi zonse pafunika ndalama. Kuchigayo aone chimanga chikulowa uku ufa ukutuluka uko. Kwa atelala aone tepi yoyezera, kwa akalipentala aone sikweya. Aphunzire kupereka moni mwaulemu ndi kufunsa yekha funso limodzi lomwe mwakonzera limodzi kunyumba.

Ndalama ikapezeka, Lusaka ili ndi malo okwanira chaka chonse. Lusaka National Museum, yomwe inatsegulidwa mu 1996, ili mumsewu wa Independence Avenue, ndipo pafupi pomwepo pali Freedom Statue, munthu akudula maunyolo. Nkhani ya ufulu wa Zambia wa pa 24 Okutobala 1964 imamveka bwino mwana atayang'ana chipilalacho kusiyana ndi pakope. Ku Chilenje kuli nyumba nambala 394 momwe a Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962. Ku Kabwata Cultural Village amaona anthu akusema. Zanyama zili ku Munda Wanga ku Chilanga ndi ku Lusaka National Park yomwe inatsegulidwa mu 2015. Musayese kuona zonse tsiku limodzi. Mwana wa zaka 5 akaona zinthu zitatu bwinobwino n'kudzazijambula kunyumba, ulendo wapindula. Ndipo ngati kwanu ndi kum'mawa, ulendo wa ku Mkaika ku Katete pa mwambo wa Kulamba, Loweruka lomaliza la Ogasiti, pomwe Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi, uli ndi maphunziro a mwezi wathunthu.

Sayansi ya msinkhu uwu imakwana m'chitini. Mvula ikayamba mu Novembala abzale nyemba m'zitini ziwiri, china padzuwa china pansi pa bedi, aziyeza ndi kamtengo. Botolo lodulidwa pakamwa likhale panja, m'mawa uliwonse azilemba mzere pomwe madzi afika.

Oti mwana wophunzira pakhomo adzakhala wamanyazi ali ndi mfundo, makamaka kumayadi komwe ana amakulira kuseri kwa mpanda ndi geti yokhoma. M'komboni vutoli ndi lochepa: anzake akaweruka, m'tulutseni akasewere phada, waida ndi mpira wa mapepala mpaka atuwe. Sande sukulu nayo imam'phunzitsa kukhala pagulu ndi kumvera munthu wamkulu yemwe si mayi ake. Ngati pali mabanja awiri kapena atatu ochita ngati inu, kumanani kamodzi pasabata pa zinthu zosatheka mwana ali yekha, monga nyimbo, sewero ndi kudikira nthawi yake yoyankha.

Chomaliza: sungani umboni, ndipo muziyeza moona mtima

Gulani kope limodzi lachikuto cholimba la inu nokha. Madzulo alionse mizere itatu: deti, zomwe mwachita, pomwe anakakamira. "Lero nd. Akusokoneza ndi mb. Masamu mpaka 14 bwino." Zakwana. Pepala lililonse lomwe walemba kapena kujambula likhale ndi deti pakona, ndipo pakutha pa mwezi musankhe ochepa abwino ndi amodzi oipa mulowetse m'fayilo. Oipawo ndi amene amadzaonetsa pomwe anachokera.

Tsatirani materemu atatu a sukulu zaboma, kuti tchuthi chake chizigwirizana ndi cha anzake. Teremu ikamatha bwererani kupepala lija la kuseri kwa chitseko, muchonge zomwe akuchita yekha popanda kum'nong'oneza. Kamodzi kapena kawiri pachaka pemphani aphunzitsi a Giredi 1 kapena 2 akhale naye theka la ola inu mulibe. Kholo limamva zomwe mwana akufuna kunena, mlendo amamva zomwe wanenadi, ndipo kusiyana kwake muyenera kukudziwa.

Mukaona kuti miyezi ikupita maliwu sakugwira ngakhale simukudumpha masiku, musayambe ndi kum'nena ulesi. Onani ngati amayandikitsa kope kumaso, amatsinzina poyang'ana bolodi, kapena samva mukamuitana ali chofulatira, ndipo mupite naye kukiliniki akamuyeze maso ndi makutu. Shamu isakhale m'katoni. Lamulo la ana la 2022 linaletsa chilango chomenya mwana, ndipo ngakhale pasanakhale lamulolo, mwana womenyedwa pa kope amaphunzira kuopa kope. Mkwiyo ukakwera tsekani katoni, mudzayambirenso mawa.

Zinthu zimasinthanso: ntchito yapezeka, khanda labadwa, kapena mwana yekha wayamba kulirira yunifomu. Mukaganiza zom'lowetsa sukulu, musadikire Januwale, chifukwa malo a chaka chatsopano amayamba kulembetsedwa chaka chisanathe. Pitani kwa ahedi cha mu Okutobala kapena Novembala mutanyamula fayilo, kope lanu lija, khadi la kusikelo ndi zomwe munalemba ku ofesi ya DEBS. Pemphani kuti amuyese asanasankhe giredi, ndipo milungu yotsalayo muzim'zoloweza kukopera za pabolodi ali patali, kukweza dzanja asanalankhule, ndi kusunga pensulo yake kuyambira m'mawa mpaka masana.